Kuchokera kwa Namkungwi Kufika ku Sikelo ya ku Dzaleka

Dzina la Dzaleka, malo a pamtunda wozizira m'boma la Dowa, makilomita oposa 40 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, amati linachokera ku mawu oti "ndidzaleka", lonjezo la munthu amene wamva kuwawa kokwanira. Mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda pamalopa panali ndende ya anthu otsekeredwa osazengedwa mlandu: oganiziridwa kuti akuukira boma, komanso a Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967 ndipo ambiri anadzazidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1970. Maganizo a amene anamanga ndendeyo anali akuti munthu amasintha khalidwe akaopsezedwa. Mu 1994 malo omwewo anasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo, ndipo lero m'mawa uliwonse wa sikelo amayi oyembekezera a ku Congo, Burundi ndi Rwanda amakhala pa benchi imodzi ndi amayi a m'midzi yozungulira, kumvera mlangizi wa zaumoyo asanakwere sikelo. Mbiri ya ntchito ya mlangiziyo, m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, imatsutsa maganizo a omanga ndende aja. Pa zaka zoposa 130 zapitazi, aliyense amene anayesa kuwongola nkhani za uchembere ndi chiletso anangozithamangitsira kuseri kwa nyumba; zinthu zinkasuntha pamene wophunzitsa wayamba wamva zimene amayi akudziwa kale ndi zimene akuopa.

Ntchitoyi sinabwere ndi azungu. Mudzi wa Achewa unali ndi aphunzitsi ake a uchembere, ndipo aliyense ankadziwa gawo lake. Namkungwi ankalanga mtsikana akatha msinkhu, n'kudzamulanganso pa chisamba akatenga pakati poyamba. Mzamba ankachiritsa mayi ndi kumuyang'anira m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa. Anthu amenewa anali ndi chiphunzitso chotalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mng'ono wake, ngakhale sankachitchula ndi mawu a kuchipatala. Banja lotumbiza linkachita manyazi pamudzi, chifukwa aliyense ankaona mmene mwana wolandidwa bere msanga amanyentchera ndi kutupa miyendo. Mwambo wa mdulo unkaletsa bambo ndi mayi kukhalira malo amodzi kufikira mwambo wotenga mwana utachitika, ndipo amayi ena ankamanga mkuzi wa mankhwala m'chiuno kuti asaime msanga. Tanthauzo limene ankapereka pa matenda a mwana wotumbizidwa silofanana ndi la dokotala wa lero, amene amati ndi kusowa kwa zakudya m'thupi, koma chimene anachiona ndi maso chinali choona: ana obadwa mothithikana amafa kwambiri, ndipo mayi wawo amatha mphamvu. Katswiri wa za chiwerengero cha anthu, Dr. Eliya Zulu, anafufuza mwambo wodziletsa pambuyo pobereka pakati pa mitundu ya m'Malawi ndipo anaonetsa kuti kutalika kwake ndi zifukwa zake zimasiyana kuchokera dera lina kufika lina. Phunziro lake kwa mlangizi ndi lalikulu: uthenga umodzi wolembedwa ku likulu sungakwanire midzi yonse.

Oyamba kulimbana ndi anamkungwi anali amishoni a Dutch Reformed Church. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazikitsa mishoni ya Mvera mu 1889 m'dziko la Inkosi Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake anatsegula ya Kongwe, kufupi ndi boma la Dowa. Amishoniwa anaona chinamwali ngati chinthu chachikunja, cholumikizana ndi gule wamkulu, ndipo anachiletsa kwa ana a Akhristu. Chotsatira chake chinali chosavuta kuchilosera. Mtsikana wosalangidwa ankasekedwa kuti ndi mwana ngakhale atakula, apongozi ankamukayikira, ndipo makolo ambiri a mumpingo ankatumiza ana awo mobisa kwa anamkungwi omwe aja. Mpingo unazindikira kuti watseka khomo popanda kutsegula lina, ndiye unayambitsa chilangizo, mwambo wachikhristu wolangira atsikana, anyamata ndi mabanja atsopano, woyendetsedwa ndi alangizi osankhidwa mumpingo. Prof. Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la mu 1997 lonena za amayi achichewa mu Sinodi ya Nkhoma, anafotokoza mmene kusinthaku kunayendera, ndi zimene amayi anapindula ndi kutaya pamenepo. Chofunika pa nkhani yathu n'chakuti mpingo unapambana pokhapokha utavomereza kuti funso limene chinamwali chinkayankha linali lenileni. Mawu oti mlangizi, amene lero timaitanira wogwira ntchito ya boma woyenda pa njinga ndi kaundula, anadutsa m'njira imeneyi.

Chiletso chachiwiri chinachokera ku boma lodzilamulira. M'zaka za m'ma 1960 boma la Dr. Banda linaletsa ntchito yophunzitsa njira zamakono zolerera, ngakhale mtsogoleriyo anali dokotala. Iye ankakhulupirira kuti dziko lili ndi nthaka yokwanira ndipo likufunika manja ambiri olima, komanso ankakayikira alendo obwera kudzauza Amalawi chiwerengero cha ana oti abereke. Kukayikako kunali ndi maziko, poti m'maiko ena a kumwera kwa Africa maboma a azungu ankalimbikitsadi kulera pofuna kuchepetsa anthu akuda. Koma amene analipira mtengo wa chiletsocho anali mayi wa kwa Kayembe kapena kwa Nthondo amene miyambo yakale yodziletsa inali kumuthera mphamvu, pamene njira zatsopano anamutsekera. Khomo linatsegulidwa mu 1982, ndipo mmene linatsegukira muli nzeru yoyenera kuiganizira. Madokotala ndi anamwino amene anakambirana ndi boma sanapemphe chilolezo chochepetsa ana. Anapempha pulogalamu yotalikitsa nthawi pakati pa ana, chinthu chimene agogo onse ankachivomereza kale. Ngakhale mawu amene anakhazikika, oti kulera, ndi mawu a mayi wofungatira mwana wake kuti akule bwino. Bungwe la Banja La Mtsogolo linayamba ntchito mu 1987. Komabe zaka zotayika zinaonekera m'kafukufuku wa dziko lonse wa mu 1992: mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7 pa moyo wake, ndipo amayi apabanja 7 okha mwa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono zolerera.

Amene ananyamula uthengawu kuufikitsa m'midzi anali anthu amene ntchito yawo inayambira kwina. M'zaka za m'ma 1960 boma linkalemba anthu aganyu obaya katemera wa nthomba, ndipo kolera itabuka mu 1973 linalembanso ena othandiza kuthana ndi mliriwo. Gulu limeneli ndilo linakula n'kukhala alangizi a zaumoyo amene timawadziwa lero, ndipo mu 1995 anakhala antchito okhazikika a Unduna wa Zaumoyo. Kwa zaka zambiri maphunziro awo anali a masabata owerengeka, malipiro awo ndi ochepa, ndipo cholinga choti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000 sichinakwaniritsidwe m'madera ambiri. Mphamvu yawo ili poti amakhala pakati pa anthu. Mlangizi wa m'mudzi wa kuseri kwa phiri la Ntchisi amadziwa mayi amene amabisa kabuku kake ka kulera kwa mnansi poopa mwamuna, amadziwa banja limene linataya khanda chaka chatha, amadziwanso mtsinje umene umadzaza mu Januwale n'kutseka njira ya kuchipatala. Kuyambira cha mu 2008 alangiziwa analoledwa kubaya jakisoni wolerera wa miyezi itatu m'midzi momwemo, ndipo mayi sanafunikenso kutaya tsiku lonse la kumunda kuti akafike ku Mponela, ku Malomo kapena ku boma. Pofika 2010 amayi apabanja 42 mwa 100 ankalera ndi njira zamakono, ndipo pofika 2015 ndi 2016 anali 58, pamene chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi chinatsika kufika pa 4.4. Ndi maiko ochepa mu Africa amene anasintha mofulumira chotere, ndipo palibe lamulo limene linakakamiza mayi ngakhale mmodzi kubayitsa.

Apa ndi pamene ulangizi umakumana ndi kafukufuku, chifukwa kafukufuku wabwino wa zaumoyo wa m'midzi ndi kumvetsera kochitidwa mwadongosolo n'kulembedwa. Kuyambira mu 1998 gulu la akatswiri limene munali Susan Watkins linkatsata mabanja a ku Mchinji, Rumphi ndi Balaka, ndipo linapeza kuti nkhani za kulera ndi za Edzi anthu amazipeta okha pachitsime, pamaliro ndi pamsika. Mawu a namwino amayamba ayesedwa pa macheza amenewo asanakhulupiriridwe. Ku Mchinji komweko pulojekiti ya MaiMwana, imene munali madokotala a ana Charles Mwansambo ndi Peter Kazembe, inayesa njira yooneka yopepuka kwambiri. Amayi a m'mudzi ankakumana m'magulu motsogozedwa ndi mnzawo wophunzitsidwa pang'ono, n'kutchula okha mavuto amene amapha amayi ndi makanda kwawoko, kusankha aakulu, kupeza chochita, ndipo pambuyo pake kuunika ngati chathandiza. Magulu ena anayambitsa minda ya ndiwo zamasamba, ena thumba la ndalama za ulendo wa kuchipatala, ena njinga zonyamulira odwala. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2013, zinaonetsa kuti imfa za amayi ndi makanda zinatsika m'madera amene magulu anakhazikika. Kafukufuku wina, wa MaiKhanda, m'maboma a Kasungu, Lilongwe ndi Salima, onse oyandikana ndi Dowa, anapeza kuti pamene magulu a amayi anaphatikizidwa ndi kukonza kagwiridwe ka ntchito m'zipatala, imfa za makanda osakwana mwezi zinatsika ndi 22 pa 100 zilizonse. Palibe mankhwala atsopano amene anagawidwa m'magulu amenewa. Chimene chinasintha n'chakuti amayi anafunsidwa.

Pali chotsutsa champhamvu, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Mu 2007 boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi, ngakhale linali litawaphunzitsa lokha kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Mafumu ambiri anaika malamulo a m'mudzi olipiritsa mbuzi, nkhuku kapena ndalama banja limene mayi wachirira pakhomo kapena panjira. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010, koma malamulo a mafumu analimbanso mu 2012 pamene Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa ntchito yake ya uchembere wabwino, imene Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu inali patsogolo, ndipo nyumba za chidikiro zinamangidwa pa zipatala zambiri. Manambala akuoneka ngati akuikira kumbuyo njira imeneyi. Mu 1992 ana 55 mwa 100 ankabadwira kuchipatala. Mu 2010 anali 73, ndipo pofika 2015 ndi 2016 anali 91. Imfa za amayi pa ana 100,000 obadwa amoyo, zimene zinafika pa 1,120 m'kafukufuku wa mu 2000, zinatsika kufika pa 984 mu 2004, 675 mu 2010 ndi 439 mu 2015 ndi 2016. Wina anganene kuti apa chibalo chachita zimene ulangizi wa zaka makumi awiri unalephera.

Ndikuvomereza kuti chindapusa chinasuntha mapazi a anthu. Koma funso ndi lakuti chinapulumutsa miyoyo ingati pachokha, ndipo pamenepa umboni ndi wosiyana ndi mmene timaganizira. Akatswiri a zachuma Susan Godlonton ndi Edward Okeke anafufuza zotsatira za chiletso cha 2007 ndipo anapeza kuti amayi ambiri anasiyadi azamba, ochuluka n'kupita kuchipatala, ena n'kumachirira m'manja mwa achibale osaphunzitsidwa konse. Koma imfa za makanda m'dziko lonse sizinatsike chifukwa cha chiletsocho, kupatula kwa amayi amene anali pafupi ndi chipatala chokhala ndi zipangizo ndi antchito okwanira. Kutsika kwa imfa za amayi kunachitikanso nthawi imodzi ndi zinthu zina zazikulu: mankhwala otalikitsa moyo anayamba kugawidwa ulele mu 2004, mu 2011 Malawi anayamba kupereka mankhwalawa kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo, ndipo kulera kunachepetsa mimba zangozi, zothithikana ndi za amayi otopa. Chindapusa chilinso ndi mtengo wake wobisika. Chimagwera wosauka amene analibe ya kabaza usiku, ndipo chimaphunzitsa banja kubisa. Mayi amene wachirira panjira n'kuyamba kutaya magazi amazengereza kupita kuchipatala poopa mbuzi ya mfumu, ndipo khanda lofera pakhomo limaikidwa mwakachetechete osalowa m'kaundula wa mlangizi. Imfa yosalembedwa siphunzitsa aliyense kanthu.

Wina angatsutse kuchokera mbali ina, kuti kulemekeza nzeru za anamkungwi ndi azamba n'kukometsera zakale zimene zinapha anthu. Izinso zili ndi choonadi. Mankhwala a mwanamphepo, opatsidwa pofuna kufulumizitsa matenda, ang'amba ziberekero za amayi ambiri. Chikhulupiriro choti mwana akakanirira ndiye kuti mayi kapena bambo anayenda njira zina chinkachititsa kuti maola amtengo wapatali athere pa kuulula maina m'malo mothamangira kumpeni wa dokotala. Malangizo ena a kuchinamwali ankakankhira atsikana kubanja thupi lisanakhwime, mpaka lamulo la mu 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja. Kumvetsera sikutanthauza kuvomereza zonsezi. Koma mlangizi amene sadziwa kuti mayi wamwa mwanamphepo sangachenjeze namwino, ndipo mayi sangaulule kwa munthu amene amamukalipira. Amene anachotsadi atsikana m'mabanja, monga Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, anali ndi lamulo kumbuyo kwawo, koma anayenda khomo ndi khomo, kukhala pansi ndi makolo, anamkungwi ndi mafumu ang'onoang'ono, ndi kufunafuna ndalama zobwezera anawo kusukulu.

Ku Dzaleka nkhani yonseyi imafika poyesedwa kwambiri. Chaka cha 1994, pamene ndende inasanduka msasa, chinali chaka cha chisankho cha zipani zambiri m'Malawi, cha ndondomeko yoyamba ya dziko ya chiwerengero cha anthu, cha kuphedwa kwa anthu miyandamiyanda ku Rwanda, komanso cha msonkhano waukulu wa ku Cairo umene unagwirizana kuti nkhani za kubereka ziziyambira pa ufulu ndi umoyo wa mayi, osati pa manambala amene boma likufuna. Kufikira nthawi imeneyo mabungwe othandiza othawa kwawo ankaganiza za chakudya, madzi, mahema ndi katemera, ngati kuti anthu akathawa nkhondo amasiya kutenga pakati. Mu 1995 mabungwe a United Nations ndi ena anapanga gulu loona za uchembere pakati pa othawa kwawo, ndipo anagwirizana za thandizo loyambirira limene liyenera kupezeka pamsasa uliwonse: kuchiritsa amayi mwaukhondo, kuthandiza ogwiriridwa, ndi kuteteza anthu ku kachilombo ka HIV. Dzaleka anakonzedwa kuti asunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, ndipo alipo achinyamata amene anabadwira momwemo n'kuberekeranso momwemo. Chipatala chaching'ono cha pamsasapo chimathandiza othawa kwawo pamodzi ndi Amalawi a m'midzi yozungulira, ndipo matenda akakula mayi amatumizidwa ku chipatala cha boma cha Dowa.

Mlangizi wa pamalo otere sangadalire zimene mnzake wa ku Ntchisi amadalira. Sanakulire limodzi ndi amayi amene akuwalankhula, ndipo chilankhulo cha pabenchi ndi Chiswahili, Chinyarwanda, Chirundi, Chifalansa kapena Chisomali. Nkhani za m'thupi la mayi n'zovuta kuzitchula ngakhale m'chinenero chobadwa nacho. Zikadutsa mwa womasulira, makamaka wamwamuna kapena mnansi, zambiri zimatsalira kukhosi. Ambiri mwa amayi ochokera kum'mawa kwa Congo anathawa nkhondo imene kugwirira kunali chida, ndipo kwa mayi amene anataya ana ndi abale, uthenga wa kulera ukhoza kumveka ngati pempho loti mtundu wake uthe. Apa chibalo sichingagwire n'komwe, poti munthu wodalira thandizo la chakudya limene lakhala likudulidwa kawirikawiri alibe mbuzi yolipira. Chotsala ndi njira ija ya mu 1982 ndi ya magulu a ku Mchinji: kupeza chimene mayiyo akuchifuna kale, monga kuti mwana amene ali kumsana akule, n'kuyambira pamenepo. Ntchito yaikulu ya mtunduwu pamsasapo imagwiridwa ndi othawa kwawo eni ake, odzipereka oyenda nyumba ndi nyumba ndi omasulira a kuchipatala.

Pamenepa malamulo athu akudzipinga okha. Povomereza pangano la United Nations la mu 1951 lonena za othawa kwawo, Malawi anakana mbali zina, kuphatikizapo ufulu woyenda ndi wogwira ntchito, ndipo lamulo la dziko la mu 1989 ndi lakale kuposa msasawo. Chifukwa cha ichi, munthu amene anali namwino kapena mzamba wophunzira ku Bukavu kapena ku Bujumbura savomerezedwa mosavuta kugwira ntchito yake. Amathera pa kumasulira ndi kudzipereka, kulandira kangachepe, pamene dziko likusowa anamwino. Mu 2023 boma linalamula othawa kwawo onse okhala m'matauni kubwerera ku Dzaleka, ndipo mu Meyi chaka chimenecho apolisi ndi asilikali anasonkhanitsa mazana a anthu mu Lilongwe, ena n'kuyamba asungidwa ku ndende ya Maula. Boma lili ndi udindo wodziwa amene ali m'dziko, ndipo nkhawa za amalonda a Chimalawi n'zenizeni. Koma aliyense wobwezedwa anawonjezera mzere pa mjigo, pa chimbudzi ndi pa benchi ya sikelo imene inali yodzaza kale, ndipo amayi a m'midzi ya Dowa amaima pa mzere womwewo.

Ofufuza nawonso ali ndi ngongole pamsasapo. Dzaleka ali pafupi ndi likulu ndi bwalo la ndege la Kamuzu, ndipo ndi malo osavuta kufikako kwa wophunzira aliyense wofuna mutu wa kafukufuku. Munthu amene tsogolo lake lili m'mafayilo a maofesi amavutika kukana mlendo wonyamula mapepala, chifukwa amaganiza kuti mwina yankho lake lingamutsegulire njira yopita dziko lina, kapena kumutsekera. Chilolezo choperekedwa mu mtima wotere n'chopepuka, ndipo mayankho ake amakhala okondweretsa wofunsa. Chimene chinapatsa mphamvu kafukufuku wa ku Mchinji n'chakuti ofunsa mafunso, olemba imfa ndi otsogolera magulu anali anthu a m'midzi momwemo, ndipo zopezeka zinkabwerera kwa eni ake kuti azikambirane. Ku Dzaleka anthu otha kuchita zimenezi alipo kale, ena anaphunzira m'sukulu za Jesuit Refugee Service pamsasa pomwepo, ndipo amalankhula zinenero zinayi kapena zisanu kuphatikizapo Chichewa. Iwo ndiwo ayenera kusankha nawo mafunso, kusunga makaundula a amayi oyembekezera m'zigawo za msasawo, ndi kuwerengera amayi a pabenchi ija zimene zapezeka, m'Chiswahili ndi m'Chichewa, lipoti lisanatumizidwe ku Lilongwe kapena ku Geneva.